Njerewere za Francis Bacon ndi Dzuwa la ku Chigwa cha Shire

Francis Bacon atamwalira mu April 1626 anasiya buku losasindikiza, ndipo m'busa wake, William Rawley, ndiye analitulutsa patapita miyezi ingapo. Dzina lake ndi Sylva Sylvarum. Muli ndime 1,000, iliyonse ndi nambala yake, zokamba za kusefa madzi a mchere mumchenga, za kayendedwe ka phokoso, za kumezanitsa mitengo, za kusunga zipatso kuti zisaole, ndi zina zambirimbiri zomwe mkuluyu anaona, anamva kapena anawerenga kwa ena. Kumathero kwenikweni, pa ndime ya 997, munthu yemwe anakhalapo mkulu wa zamalamulo m'dziko lonse la England, yemwenso mabuku a sukulu amamuika m'gulu la makolo a sayansi, akuyamba kusimba za njerewere zomwe zinamutuluka m'manja ali mnyamata. Ndimeyi siidzaza ndi tsamba limodzi lomwe. Koma munthu wokulira ku Chikwawa kapena ku Nsanje akaiwerenga mofatsa amvamo kayankhulidwe komwe anakazolowera pakhonde pa agogo, ndipo aona malo enieni omwe munthu wanzeru amaterereka.

Nkhaniyo, m'mawu anga, ili motere. Kuyambira ali mwana Bacon anali ndi njerewere imodzi pachala. Atafika zaka pafupifupi 16, ali ku Paris, manja onse awiri anangoti mbwee njerewere, zosachepera 100, m'mwezi umodzi wokha. Tsiku lina mkazi wa kazembe wa England anamuuza kuti amuchotsa zimenezo. Anatenga nthuli ya mafuta a nkhumba ili ndi chikopa chake, n'kupaka mbali yamafutayo pa njerewere zonse, osasiyako ndi yakale ija. Atatero anakhomera nthuliyo ndi msomali pamtengo wa zenera la kuchipinda kwawo, loyang'ana kummwera, mafutawo ataloza kudzuwa. Pomwe amakwana masabata asanu njerewere zonse zinali zitatha psiti, ndipo Bacon akuseka yekha kuti yakale ija inapita moperekeza zinzake.

Asanafike pa nkhani imeneyi, mlembiyu akuyamba ndi kudzitchinjiriza. Akuti pa zonse zomwe anthu amanena za mphamvu zobisika, chovuta kwambiri kuchikhulupirira ndi ichi chakuti zinthu ziwiri zomwe zinali chimodzi, kapena zomwe zinangokhudzana, zimapitiriza kumvana ngakhale zitatalikirana. Akuti angochitchula pang'ono, poti anadzipereka kufufuza chilengedwe mosabisa kanthu. Mwana wa ku London wa lero angafunike kumumasulira ganizoli. Ife ayi. Tikudziwa chifukwa chake mayi salola tsitsi la mwana lometedwa kungomwazika pabwalo, chifukwa chake mchombo wa khanda ukagwa umasungidwa kapena kukwiriridwa mosamala, ndi zomwe munthu akutanthauza akati wina wamutapa phazi. Dothi lomwe phazi linaponda likadali mbali ya mwini phaziyo. Bacon akuima pa ganizo lomwelo, ndipo ndime yotsatira, ya 998, ikupita nalo patsogolo: ikukamba za mankhwala opaka pa lupanga lomwe lavulaza munthu kuti bala lipole mwini bala ali kutali.

Taonani tsopano mmene akutembenukira. Chomwe wangochitcha chokayikitsa kuposa zonse, mzere wachiwiri akuti iye sachivutikira kwambiri, chifukwa chinamuchitikira. Palibe wa ife amene sanamvepo kayambidwe kotere. Mphunzitsi wopuma pantchito, kapena mkulu wa mpingo, amayamba ndi kunena kuti iye za zitsamba sazikhulupirira, kenako amatsitsa mawu n'kuti, "koma izi zokha ndinaona ndi maso angawa." Kukana koyambako sikufooketsa umboni. Kumaulimbitsa, chifukwa womvera amaganiza kuti ngati munthu wokayika chotere anagonja, ndiye kuti chinthucho n'chenicheni. Bacon anali loya, ndipo luso limeneli ankalidziwa bwino.

Ulonda wa loya ukuonekanso pa mboni yake. Mbiri imatiuza kuti kazembeyo anali Sir Amias Paulet, yemwe Bacon anatsagana naye ku France mu 1576 n'kukhala kumeneko mpaka bambo ake atamwalira mu 1579. Paulet ameneyu anali Mpulotesitanti wokhwima, ndipo ndi yemwe anadzapatsidwa ntchito yolondera Mary, mfumukazi ya ku Scotland, m'zaka zomaliza asanaphedwe mu 1587. Koma m'ndimeyi mayiyo alibe dzina. Tikungouzidwa zinthu ziwiri: udindo wa amuna awo, ndi kuti anali munthu wotalikirana ndi zamatsenga. Mawu achiwiriwa sanangoikidwapo. Mfumu James, yomwe Bacon anaitumikira, inalemba buku lonse la za ufiti mu 1597, ndipo mu 1604 nyumba ya malamulo inakhwimitsa chilango cha afiti. Akanati anamupaka ndi gogo wina wa kumudzi, kapena wantchito wa kukhitchini, owerenga akanamva fungo la ufiti. Poti anali mkazi wa kazembe, wopemphera, wanzeru zake, mwambo womwewo wasanduka chinthu choyenera kulowa m'buku la ophunzira. Nafenso timatero. Tikafuna kuti nkhani ya mankhwala imveke yoyera timafulumira kunena kuti anatiuza ndi mayi a Mvano, kapena a dikoni, anthu oti sangayandikire kwa sing'anga.

Ndimeyi yachapidwa ndithu. Mulibe mawu olankhulira mankhwala, mulibe pemphero, mulibe malipiro, mulibe usiku, mulibe zosala. M'midzi ya ku England mwambo womwewu unkayenda ndi malamulo ake: nyamayo ikhale yakuba, usauze munthu, ukachira usathokoze wokuchizayo. Kaya mayiyo anachitadi zonse dzuwa likuwala osanong'ona kanthu, kaya nkhalamba Bacon inasefa polemba, chotsatira chake n'chimodzi: owerenga akuona mafuta, msomali, zenera ndi dzuwa, zinthu zoti munthu angazigwire. Komabe liwu limodzi linatsala, ndipo ine ndimaliona ngati chizimba cha nkhani yonse. Mayiyo sanati tiyese. Anati akuchotsa. Ganizirani mnyamata wa zaka 16, ali m'dziko la eni, manja ake ochititsa manyazi, ngati mmene mwana wa njerewere kwathu kuno amabisira dzanja popereka moni. Mayi wolemekezeka kuposa onse m'nyumbamo akumugwira manja omwewo osanyansidwa, n'kupaka njerewere imodziimodzi mpaka zonse 100. Imeneyo si ntchito ya kamphindi. Bacon anaona mafuta a nkhumba, koma lonjezo ndi dzanja la mayiyo anangozidutsa.

Tikhale pang'ono pa nthuli ija, chifukwa chilichonse cha iyo chili ndi ntchito. Chikopa ndicho chogwira msomali. Mafuta aloza kunja kuti dzuwa liwadye. Zenera ndi lakummwera chifukwa ku Paris dzuwa limayenda mbali imeneyo chaka chonse. Ganizo lake ndi lakuti mafuta akamasungunuka pang'onopang'ono, njerewere nazo zizinyala pang'onopang'ono. Tsono tengani mwambo womwewu mukauchitire ku Ngabu kapena ku Bangula mu October, dzuwa likuswa mtengo, kutentha kutapitirira madigiri 40. Choyamba mulakwitsa zenera, pakuti kwathu kuno miyezi yambiri dzuwa limapendekera kumpoto. Chachiwiri, pofika madzulo mafuta aja akhala akuyenderera pakhoma, ndipo chotsala nyerere, khwangwala kapena galu wa pakhomo amaliza kusanache. Kodi njerewere zingathe mawa lake? Ayi. Mwana adzuka nazo zonse, ndipo aliyense aona kuti mankhwalawo ndi abodza.

Apa ndiye pagona chinsinsi cha mankhwala amtunduwu. Chinthu chopakacho chiyenera kutha pa liwiro lomwe njerewere imathera. Angerezi ankasankha zinthu zochedwa kuola m'dziko lawo lozizira. Bacon mwiniwake akutchula kamtengo kakuwisi ka elder kopaka pa njerewere n'kukakwirira m'manyowa. Ena ankakwirira nthuli ya nyama. Ena ankagwira nkhono yopanda chigoba, kuipaka pa njerewere, n'kuibaya pamunga kuti iume. M'nyumba yosungiramo zakale ya Pitt Rivers ku Oxford muli nkhono yotere m'botolo, yomwe inalowamo mu 1898. Zonsezi ndi mawotchi. Zimamupatsa wodwala chochita tsiku loyamba, kenako zimamulamula kudikira masabata angapo osakanda, osatsina, osadula. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Angerezi aja, pobaya nkhono yawo pamunga, ankagula kudekha komweko osadziwa.

Za kwathu zambiri sizili m'gulu limeneli. Kumanga njerewere ndi ulusi kapena ubweya wa kumchira kwa ng'ombe mpaka ife, kuidonthezera utomoni wa papaya wamuwisi kapena wa nkhadze, zonsezi zimagwira pathupi penipeni. Zimatentha kapena kutsamwitsa kanyamako, ndipo ndi abale a mankhwala a salicylic acid omwe achipatala amapereka, omwenso amafuna masabata ambiri akupaka tsiku ndi tsiku. Za nkhadze ndingowonjeza zomwe mwana aliyense woweta mbuzi amauzidwa, kuti utomoni wake ukalowa m'diso ukhoza kuliwononga.

Pali gulu lina la mankhwala a njerewere lomwe Bacon sakulitchula, ndipo kusalitchulako kukunena kanthu. Kuyambira kale anthu a ku Ulaya ankakhulupiriranso kuti njerewere ukhoza kumupatsira wina. Pliny wa ku Roma, yemwe anamwalira m'chaka cha 79, analemba za kukhudza njerewere iliyonse ndi njere ya mtundu wa nsawawa, kumanga njerezo m'kansalu n'kuziponya kumbuyo. Ku England ankawerenga timiyala molingana ndi njerewere, kutikhudzitsa, kutiika m'kathumba n'kukasiya panjira, kuti wotola atenge ndi matenda omwe. Ena ankagulitsa njerewere zawo ndi kakobiri. Ena ankazibaya ndi singano n'kukalasa singanoyo pamtengo wa ash. Munthu wa m'chigwa chathu sangadabwe nazo. Amadziwa chifukwa chake m'mawa nthawi zina pamphambano pamapezeka masamba osinja, madzi otayidwa kapena ndalama yachitsulo, ndiponso chifukwa chake ana amaletsedwa kutola kapena kuponda. Wina anasamba usiku, nasiya tsoka lake kuti wodutsa alisenze. Mwambo wa mayi wa kazembe uja ulibe wosenza. Matenda akupita kudzuwa, palibe mwana wa mnzako wolira. Ndi mtundu wokhawo womwe Mkhristu wa nyumba yolemekezeka akanauchita pamaso pa anthu, ndiponso womwe Bacon akanaulemba osachita manyazi.

Chodabwitsa n'chakuti gulu lonyansali ndi lomwe linayandikira choonadi. Njerewere zimapatsiranadi. Mu 1907 dokotala wa ku Italy, Giuseppe Ciuffo, anasinja njerewere, n'kusefa madzi ake m'sefa yosalola mabakiteriya kudutsa, n'kudzibaya nawo padzanja. Patapita miyezi njerewere zinamera. Chinadutsa m'sefamo ndi kachilombo komwe lero timati HPV, komwe kali ndi mitundu yoposa 100. Pomwe anthu a timiyala analakwitsa ndi poganiza kuti wopatsayo amapepukidwa. Kupatsira njerewere kuli ngati kupala moto: wopala amapita ndi khala lake, koma pamafuwa pa mwini moto sipazima.

Tibwerere ku ndime ija, pamalo omwe ndimawakonda kuposa ena onse. Atanena kuti zonse zinatha, Bacon sakuomba m'manja. Akugawa umboni wake pawiri. Akuti njerewere 100 zija sizikumudabwitsa kwenikweni, chifukwa zinabwera mwachangu ndipo zikanatha kuchoka mwachangu pazokha. Chomwe chamukakamira mumtima mpaka ukalamba ndi imodzi yakale ija. Ochitira umboni ambiri, kaya m'tchalitchi kaya pa wailesi, amathamangira nambala yaikulu. Uyu akutaya 100 n'kutsala ndi imodzi. Ndi munthu amene akudziwa kuti matenda ena amatha okha, ndipo sakufuna kupatsa mankhwala ulemu wosawayenera. Ngakhale titakumbukira kuti akulemba patapita zaka pafupifupi 50, ndi kuti 100, mwezi umodzi ndi masabata asanu ndi nambala zosalala ngati mmene chikumbumtima cha nkhalamba chimazisalazira, kudziletsa kumeneku n'koyenera kukulemekeza.

Koma pa imodzi yomweyo ndi pomwe akutererekera. Akuganiza kuti chinthu chomwe chakhala nthawi yaitali sichingachoke chokha. Khungu silitero. Kachilombo ka njerewere kamakhala pamwamba penipeni pa khungu, pomwe magazi safika, ndipo chitetezo cha m'thupi chikhoza kutha miyezi kapena zaka osakazindikira. Tsiku lomwe chazindikira sichifunsa kuti njerewere iyi ndi yadzulo kapena ya chaka chatha. Chimagwira paliponse pomwe kachilomboko kali. N'chifukwa chake madokotala a khungu amaona kawirikawiri njerewere zambiri zikufiira, kuyabwa, n'kutha pamodzi m'masabata ochepa, makamaka tija tating'onoting'ono tosalala tomwe timabuka tambirimbiri m'manja ndi kumaso kwa achinyamata. N'kutheka kuti yakale ija ndi yomwe inafesa zinzake, ndipo kuchuluka kwa zinzakezo ndi komwe kunadzutsa thupi. Ngati zinali choncho, kuperekeza komwe Bacon akuseka sikunali nthabwala. Mu 1963 madokotala awiri a ku America, Massing ndi Epstein, atatsatira ana kwa zaka ziwiri, anapeza kuti pa njerewere zitatu zilizonse pafupifupi ziwiri zinatha zokha. Mankhwala alionse opatsidwa kwa ana otere, kaya nkhono kaya kakobiri, adzakhala ndi mboni zambiri zoona mtima.

Chomwe chikanathetsa mlandu chinali m'manja mwa mayi uja, ndipo chinali chapafupi: kupaka dzanja limodzi n'kusiya linalo. Ndimeyi ikunenetsa kuti anapaka zonse. Bacon akuzitchula ngati chinthu cholimbitsa umboni, pomwe ndicho chikuuphwanya, chifukwa palibe njerewere yotsala yoti itiuze zomwe zikanachitika popanda mafuta. Chopweteka n'chakuti iye mwini ankadziwa msampha umenewu. M'buku lake la Novum Organum la mu 1620 anabwereza nthano yakale ya munthu yemwe anamuonetsa m'kachisi zithunzi za anthu omwe analumbira kwa milungu ngalawa ikumira n'kupulumuka. Munthuyo anafunsa kuti nanga zithunzi za omwe analumbira n'kumira zili kuti. Anyamata onse a ku Paris omwe anapakidwa mafuta a nkhumba njerewere n'kukhalabe sanalembe buku. Kuyesa kwa mbali imodzi kunadzachitika patapita zaka zoposa 300. Mu 1959 madokotala awiri a ku Scotland, Sinclair-Gieben ndi Chalmers, analemba mu The Lancet za odwala 14 omwe anawagoneka tulo ta hypnosis n'kuwauza kuti njerewere za mbali imodzi ya thupi zitha. Mwa ambiri omwe tuloto tinawagwira, zinathadi mbali yomweyo. Nkhaniyi inatchuka kwambiri, koma ena omwe anayesa pambuyo pake sanapeze zooneka bwino chotero, ndipo mkangano wa mphamvu ya lonjezo pakhungu sunathe. Ine ndimaika kulemera kwakukulu pa nthawi, kenako pa kuleka kukanda, ndipo lonjezo ndimalisiyira kampata kakang'ono.

Ndimeyi ikutha ndi zofuna kuyesa, ndipo apa anthu ambiri amaseka msanga. Bacon akuti mwambowu uyesedwenso pa khungu lolimba la kuphazi ndi pa zotupa zina, kenako pa ziwalo za nyama zomwe zimaoneka ngati zomera pathupi: kanyama kofiira ka pamutu pa tambala, chikhadabo chake chomenyera, nyanga za nyama. Akuti kuyesedwe pawiri, popaka mafuta kapena kamtengo n'kukasiya kuti kaole, komanso podula kachidutswa ka chiwalocho n'kukataya kuti kaole, kuti tione ngati chotsalacho chinyale. Zikumveka ngati misala, koma taganizani bwino. Tambala samva lonjezo la mkazi wa kazembe, ndiye chikhulupiriro chachotsedwa. Nyanga ya ng'ombe siithothoka yokha, ndiye nthawi yachotsedwanso. Chotsala ndi kumvana kobisika kuja kokha, ndipo ngati kulipo kuyenera kuonekera poyera. Mkuluyu wakonza msampha wabwino wogwirira ganizo lake lomwe. Kungoti mawu ake onse ndi akuti kuyenera kuyesedwa. Sakunena kuti anayesa. Yankho akanalipeza kwa woweta ng'ombe aliyense wa ku Ngabu yemwe anadulapo nsonga ya nyanga ya nkhunzi yolusa n'kuitaya kuthengo: nsongayo imafumbwa, nyanga yotsala pamutu ikukulabe.

Pa njerewere ya pachala kuterereka kwa Bacon sikuvulaza munthu. Nkhumba inali itafa kale, mnyamata anachira, ndipo zenera linangoda mafuta. Vuto ndi lakuti kaganizidwe komweko, kakuti ndinachita ichi ndipo ndinachira ndiye kuti chinandichiza ndi ichi, sikakhala pachala pokha. M'chigwa cha Shire kanakhazikika pa mauka. Mwana akamatentha thupi mobwerezabwereza, akamwa mankhwala a malungo a LA koma pakapita masiku n'kuyambiranso, kapena akamuyeza magazi n'kuuzidwa kuti malungo mulibe, maso a pamudzi amatembenukira kwa mayi. Amati ali ndi mauka, kuyabwa kapena tizilonda ndi tinthu tomera kumalo obisika, ndipo ndi zomwe zikudwalitsa mwana. Victoria Ewing ndi anzake, omwe anacheza ndi makolo m'midzi ya ku Chikwawa n'kusindikiza zomwe anapeza mu 2015 m'magazini ya PLoS One, anakumana ndi ganizo limeneli pofufuza mmene anthu amamasulira kutentha thupi kwa ana. Chithandizo chake chodziwika m'madera ambiri a dziko lino ndi kupita kwa mayi wachikulire kapena sing'anga kuti akadule tinthuto ndi lezala n'kupaka mankhwala.

Onani mmene zikufanirana ndi ndime ya 997. Matupi awiri omwe anali limodzi, mayi ndi mwana, akuganiziridwa kuti akumvanabe. Chochitidwa pa wina chiyenera kuchiza winayo. Ndipo mboni zilipo zambiri, zosanama, chifukwa kutentha thupi kwambiri kwa ana kumabwera ndi tizilombo ta chimfine ndi tina totha tokha m'masiku ochepa. Mayi adulidwa Lachiwiri, mwana aseka Lachisanu, ndipo agogo ali ndi umboni wina woonjezera. Kusiyana kwake kuli pa mtengo wolipira. Mafuta a pazenera ankangodikiritsa matenda oti kudikira n'kowachiza. Mauka amadikiritsa mwana m'dera lomwe udzudzu wa ku madambo a Elephant Marsh ndi Ndindi suona nyengo, pomwe malungo akulu kapena chibayo zikhoza kutenga mwana m'masiku awiri. Lezala nalo limasiya bala pamalo ovuta kupola, likhoza kunyamula HIV likagwira anthu angapo, ndipo ngati tinthuto tinalidi njerewere, kudula kwa pakhomo kumangomwaza kachilombo pakhungu loyandikana. Ndiye pali ichi chomwe sichiwerengedwa: mayi yemwe wagona maso masiku atatu ndi mwana wodwala akuuzidwa kuti gwero la matenda ndi thupi lake. Ana omwe mayi awo anadulidwa koma iwo osachira ndi aja omira m'nthano ya m'kachisi. Pa maliro awo pamatchulidwa chifukwa china.

Sikuti zonse zotchedwa mauka ndi njerewere. Dzinali limakuta matenda angapo, ena ochizika ndi mapiritsi a masiku ochepa. Zomwe zili njerewere zenizeni za kumalo obisika zimabwera makamaka ndi HPV wa mtundu 6 ndi 11, ndipo mwa anthu omwe chitetezo chawo chatsika ndi HIV zimakula n'kukana kutha zokha, zomwe zikugwirizana ndi zomwe tanena za chitetezo cha m'thupi. Mitundu yoopsa kwambiri, 16 ndi 18, yomwe Harald zur Hausen wa ku Germany anaigwirizanitsa ndi khansa ya khomo la chiberekero m'zaka za m'ma 1980 n'kulandira nayo mphotho ya Nobel mu 2008, siimeretsa kanthu kooneka koti gogo apake kapena adule. Imakhala chete zaka khumi kapena kuposa. Mitundu iwiri yokhayi imayambitsa pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse a khansayi, ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko omwe amayi amafa nayo kwambiri pa dziko lonse. Chifukwa chake zipatala za maboma zimayeza khomo la chiberekero popakapo viniga n'kuona ngati payera, mayi asanamve kupweteka kulikonse. Katemera wa HPV anayesedwa koyamba ku Zomba ndi ku Rumphi mu 2013, ndipo mu January 2019 anafalikira dziko lonse kwa atsikana a zaka 9. Katemera yemwe anayamba kuperekedwayo amatchinga mitundu inayi, 6, 11, 16 ndi 18. Mitundu yomeretsa njerewere za m'manja, ngati zija za Bacon, mulibemo, ndipo mwana wa ku Makhanga yemwe wazituluka chaka chino adzamangidwabe ulusi ndi agogo ake.